Ola limodzi ndi mlangizi wa malamulo a ntchito wa ku Japan: zomwe tinapindula ndi zomwe zinasowa

Ngati muli ndi m'bale amene akugwira ntchito ku Japan, kapena inuyo mukukonza zopita, pali thandizo lina limene banja lathu linalipira mu July 2025 lomwe ndikufuna mulidziwe: kukambirana pa vidiyo ndi mlangizi wa malamulo a ntchito wa konko. Anthu a ntchito imeneyi kumeneko amatchedwa sharoushi. Si maloya okaima kukhoti ayi. Ndi anthu amene anakhoza mayeso a boma a malamulo a ntchito ndi a inshuwalansi, ndipo ambiri mwa iwo makasitomala awo ndi makampani: amawawerengera malipiro ndi kuwalembera malamulo a pantchito. Olandira wantchito payekha ndi ochepa, olankhula Chingelezi ndiye ochepa zedi. Amene tinawapeza ife ndi mayi wina wa ku Nagoya, ndipo mtengo wawo unali ma yen 11,000 pa ola. Ndalamazi ndi zambiri ndithu, koma ndinena poyambirira pomwe kuti zinapita poyenera, ngakhale pali zingapo zimene sizinandisangalatse.

Mlongo wanga wamng'ono anapita ku Japan kudzera mu ABE Initiative, pulogalamu imene boma la Japan linalengeza mu 2013 pa msonkhano wa TICAD, wokambirana za chitukuko cha Africa, ku Yokohama, yopatsa achinyamata a mu Africa maphunziro a masters pamodzi ndi mwayi wophunzira ntchito m'makampani. Atamaliza, kampani ina yopanga zipangizo za galimoto ku Aichi inamulemba ntchito mu April 2022. Ife kwathu ndi ku Namwera, ndipo bambo athu anatisiya tili aang'ono. Amene anatilera ndi amalume. Fizi yonse ya mnyamatayu kuyambira fomu 1 inachokera pa makina awo osokera pa khonde la golosale. Mu 2025 amalume anadwala sitiroko, mbali ya kumanja yonse inafa, mawu nawo amatuluka movutikira. Tinawatsitsira kuchipatala kuno ku boma, ine ndi akazi awo tikusinthana ugadiyani. Mnyamata atamva anapita kwa bwana wake kukapempha kuti abwere kumudzi, bwanayo n'kungoti zivuta, osavomera, osakananso poyera. Ine ndimagwira ntchito ya malipiro pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, mafomu a tchuthi amadutsa m'manja mwanga mwezi uliwonse, koma lamulo limene ndimalidziwa ndi la kuno. Sukanamulangiza munthu za ntchito yake pogwiritsa ntchito lamulo la dziko lina. N'chifukwa chake tinafuna munthu wa konko.

Kubukitsa kunali kosavuta: fomu pa intaneti, kulipira ndi khadi, basi. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti tsiku lisanafike mayiwo anapempha mapepala atatu: kalata yolembedwera ntchito, pepala la malipiro la mwezi wapitawo, ndi buku la malamulo a pakampani, limene amalitchula kuti shugyo kisoku. Bukuli mnyamatayu anali asanalionepo. Iwo anamulembera kuti malo alionse a ntchito okhala ndi antchito 10 kapena kuposerapo amakakamizidwa kukhala nalo ndiponso kuliika poti wantchito aliyense aliwerenge, choncho asachite manyazi kulifunsa. Analipeza pa kompyuta ya kuntchito, n'kujambula masamba ake ndi foni.

Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye 7 koloko madzulo kumeneko inali 12 koloko masana kuno. Ndinalowa nawo ndili mu ofesi nthawi ya nkhomaliro. Netiweki inaduka pakati, ndipo mphindi zimene zinatayikazo anatibwezera kumapeto osawonjezera mtengo.

Atangotipatsa moni anatsegula tebulo limene anali atakonzeratu, lokhala ndi masiku a tchuthi a mlongo wanga chaka ndi chaka. Apa m'pamene ndinaona kuti mapepala aja anawawerengadi. Anafotokoza kuti pansi pa gawo 39 la lamulo la ntchito la 1947, munthu akagwira miyezi 6 mosadukiza, ndipo wapezeka pantchito masiku osachepera 80 peresenti, amalandira masiku 10 a tchuthi cholipidwa, chimene aliyense amangochitchula kuti yukyu. Chaka chotsatira amalandira 11, kenako 12, 14, 16, 18, mpaka 20 akakwanitsa zaka 6 ndi theka, ndipo pamenepo m'pothera. Lamuloli siliona mtundu wa munthu kapena pasipoti yake. Poyerekeza ndi kuno, chiyambi chake n'chochepa, poti Employment Act yathu ya 2000 imapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku 5 pa sabata, ndi 18 kwa wogwira masiku 6. Koma masiku a ku Japan ali ndi khalidwe la bandulo ya foni: ukapanda kuwagwiritsa ntchito amapsa. Amakhala zaka 2 zokha, ndipo kampani siloledwa kukugula masikuwo ndi ndalama m'malo mokupumitsa, kupatula nthawi zina monga pamene ukusiya ntchito.

Pa tebulo paja panali bokosi limodzi lozunguliridwa ndi mzere wofiira, lolembedwa 8. Mnyamatayu analandira masiku 10 mu October 2022, 11 mu October 2023, ndi 12 mu October 2024, koma chaka chilichonse ankangotenga 5, ndipo m'chaka chimenechi anali atatengapo 3. Mayiwo anayamba aona kaye ngati kampaniyo imadula masiku akale kapena atsopano poyamba, chifukwa lamulo silinenapo kanthu, ndipo makampani ena amalemba m'buku mwawo kuti atsopano ndiwo ayambe kudulidwa. Kwa iye amayamba ndi akale. Choncho anali ndi masiku 20 m'manja, ndipo 8 mwa iwo ankapsa pa 30 September. Mnyamatayu anangoti, "Achemwali, mwaziona?" Ankaganiza kuti masiku 5 aja ndiwo malire a zimene amaloledwa. Chonsecho 5 amenewo ndi masiku amene kampani imakakamizidwa kuonetsetsa kuti wantchito wapuma, lamulo limene linayamba mu April 2019, ndipo kampani yolephera ikhoza kulipitsidwa mpaka ma yen 300,000 pa wantchito mmodzi. Ofesi ya antchito inkamukumbutsa za 5 amenewo chifukwa ndiwo akanaiika m'mavuto. Za otsalawo panalibe womukumbutsa.

Ndinafunsa ngati bwana ali ndi mphamvu yokana. Yankho lawo linali la mbali ziwiri, ndipo ndinawalemekeza chifukwa sanatipatse mbali yokoma yokha. Anati wantchito sakakamizidwa kunena chifukwa chimene akufunira tchuthi, ndipo khoti lalikulu la Japan linagamula mu 1973 kuti mmene munthu agwiritsire ntchito tchuthi chake ndi zake. Bwana sangakane tchuthicho, chimene angachite n'kusuntha masiku ngati kuchoka kwako nthawi imeneyo kungasokoneze kayendedwe ka ntchito, ndipo kungoti tatanganidwa sikokwanira. Komano khoti lomwelo mu 1992, pa mlandu wa mtolankhani amene anafuna kupuma pafupifupi mwezi wathunthu, linati munthu akafuna masiku ambiri ondondozana popanda kukambirana kaye ndi kampani, kampaniyo imakhala ndi mpata wokulirapo wosuntha. Ndiye kwa munthu wochokera kutali ngati ife, amene tchuthi cha masiku atatu chilibe ntchito, kukambirana n'kosathawika.

Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi ya chibale. Ku Japan kuli tchuthi chosamalira wodwala wa m'banja, kaigo kyugyo: masiku 93 pa wodwala mmodzi, amene ukhoza kuwagawa mpaka katatu, ndipo inshuwalansi ya ntchito imakupatsa 67 peresenti ya malipiro ako. Wodwalayo akhale wofunika chisamaliro nthawi zonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo kampani uidziwitse masabata awiri nthawi isanakwane. Palinso kena kakafupi ka masiku 5 pachaka, koperekezera wodwala kuchipatala ndi zina zotero. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi, chifukwa amalume anali ofunikadi kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Kenako mayiwo anawerenga mndandanda wa abale amene lamulo limawawerengera: mkazi kapena mwamuna wako, makolo, ana, apongozi, agogo, abale obadwa nawo, ndi zidzukulu. Amalume mulibe. Azakhali mulibe. Amayi aang'ono kapena aakulu mulibenso.

Ndinawafotokozera kuti kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye amene amayankha za ana a mlongo wake, ndipo awa anatilera kuyambira tili ku pulayimale. Mayiwo anasiya kulemba, anavula magalasi, n'kufunsa funso limodzi: kodi pali pepala la khoti losonyeza kuti anakutengani ngati ana awo? Kholo lolera lovomerezeka ndi lamulo limawerengedwa ngati kholo. Pepala lotero tilibe, ndipo sindikudziwa banja la ku Namwera limene linapitapo kukhoti kukalembetsa kulera ana a mlongo. Anatiuza mosazungulira kuti tchuthi chimenechi pa amalume sichitheka, ndipo tisataye nthawi kuchipempha. Anawonjezera kuti amayi athu akadzafuna chisamaliro chotero, chidzatheka ngakhale ali ku Malawi, chifukwa lamulo silifuna kuti wodwalayo uzikhala naye nyumba imodzi. Zinandiwawa, komabe ndi yankho limeneli limene tinalipirira. Tikanangowerenga tokha pa intaneti za masiku 93, mnyamatayu akanapita kwa abwana ake ndi pempho lopanda maziko, n'kuwononga mwayi wa pempho lenileni.

Za maliro ndinafunsa ndine, poti mnyamatayu sakanatha kulitulutsa funsolo. Tchuthi cha maliro, kibiki, m'malamulo a boma mulibe. Kampani iliyonse imalemba zake. Buku la kampani yake limapereka masiku 5 pa kholo, ndi tsiku limodzi pa malume. Tsiku limodzi, pamene ulendo wochokera pa bwalo la ndege la Narita ku Japan kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Chileka, kenako msewu wa Zomba ndi Liwonde, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi umene a Japan omwewo anathandiza kumanga, n'kukwera mapiri mpaka ku Namwera, umadya masiku awiri kupita kokha. Ndinawauza kuti ife ndi Asilamu, maliro sitigoneka masiku, choncho kuika m'manda sangakupeze ngakhale atapatsidwa sabata. Chimene angapeze ndi sadaka ya masiku 40. Apa anamva msanga, chifukwa nawonso ali ndi mwambo wa tsiku la 49 munthu atamwalira, ndipo anati ambiri amapitako pa yukyu popeza masiku a kibiki amakhala atadutsa kale. Malangizo awo anali akuti asamalize masiku ake onse paulendo uno, asungeko ena. Anamuchenjezanso kuti kungojomba popanda malipiro kuli ndi mtengo wobisika: masiku ojomba amatsitsa 80 peresenti ija, ndipo akhoza kumudulitsa bonasi, pamene masiku a yukyu amawerengedwa ngati anapezeka pantchito.

Panali nkhani ina yaifupi imene inandithandiza kumvetsa anzake a kuntchito, amene ndinkawaona ngati anthu okana kupuma. Ku Japan lamulo silipereka tchuthi cholipidwa cha matenda. Kuno munthu akagwira miyezi 12 ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka pachaka. Kumeneko ukadwala chimfine umadula pa yukyu. Matenda akatalika, inshuwalansi ya zaumoyo ya antchito imapereka magawo awiri mwa atatu a malipiro kuyambira tsiku lachinayi, mpaka chaka ndi theka. Ndiye anthu amasunga masiku kuopa kudwala, kuphatikizapo kuopa kusiyira anzawo ntchito. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi ntchito anapeza kuti mu 2023 antchito anagwiritsa ntchito 65.3 peresenti ya masiku amene anapatsidwa, ndipo chiwerengero chimenecho chinali chokwera kuposa zaka zonse za m'mbuyo.

Njira imene anatikonzera inadalira kalendala ya kampani. Japan ili ndi maholide a boma 16 pachaka, koma makampani si okakamizidwa kuwatsatira. Chimene lamulo limafuna ndi tsiku limodzi lopuma pa sabata, kapena masiku 4 pa masabata 4. Makampani ambiri a zipangizo za galimoto ku Aichi amatsatira kalendala ya Toyota: amagwira ntchito pa maholide ambiri a pakati pa sabata, n'kutseka nthawi yaitali katatu pachaka, pa Golden Week kumapeto kwa April ndi kuchiyambi kwa May, pakati pa August nthawi ya Obon, mwambo wokumbukira makolo amene anamwalira, ndi pa chaka chatsopano. Khirisimasi si holide, Eid ndiye sitinena, mnyamatayu amaipumira pa masiku ake. Mayiwo anati alumikize masiku 10 a yukyu ku sabata yotseka ya August, zikhale masabata atatu, ndipo pempholo alilembe pa fomu ya kampani, lokhala ndi madeti ndi dongosolo la amene agwire ntchito zake iye kulibe, osati kungolankhula pakamwa. Anachita zomwezo. Iye anapempha sabata imodzi kutseka kusanafike ndi ina pambuyo. Bwana anapempha kuti masabata onse awiri akhale pambuyo, poti kutseka kusanafike ntchito imachuluka. Anagwirizana, ndipo anafika amalume atatulutsidwa m'chipatala. Anakhala nawo kumudzi akuwayendetsa ndi ndodo pabwalo m'mawa uliwonse. Masiku 8 aja sanapse, ndipo mu October analandira 14 atsopano kuwonjezera pa 10 otsala.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Choyamba, zonse zimene tinakambirana sanatilembere. Kalata ya chidule inali ndi mtengo wake wapadera, ndipo zimenezi tinazimva kumapeto. Munthu amene mtima wake uli pa wodwala sagwira manambala onse, ndipo pa ndalama zimenezi tsamba limodzi likanayenera kukhala mbali ya thandizolo. Ine ndinkalemba m'kope, koma si aliyense amene ali ndi mlongo wozolowera mafomu. Mukabukitsa, funsiranitu za kalatayi, kapena pemphani chilolezo chojambula mawu.

Chachiwiri, nditafunsa ngati kuchoka masabata atatu kungakhudze chiphaso chake chokhalira m'dzikomo, anangoti imeneyo ndi ntchito ya akatswiri ena a mapepala a boma. N'zoona kuti aliyense ali ndi gawo lake, koma ofesi imene imadziitanira alendo ikanayenera kudziwa kuti kwa mlendo funso la tchuthi ndi funso la chiphaso zimayendera limodzi. Yankho lake ndi lalifupi: wokhala ndi khadi la zairyu, lomwe ndi khadi la mlendo wokhala m'dzikomo, akatuluka n'kubwerera chaka chisanathe, ndipo chiphaso chake chisanathe mphamvu, safunika chilolezo chapadera, amangochonga pa kakhadi kotulukira pabwalo la ndege. Zimenezi mnyamatayu anazipeza yekha kwa a immigration.

Chachitatu n'chovuta kuchiweruza. Zimaoneka kuti mayiwo anazolowera kulangiza makampani. Nthawi yambiri inapita pa mmene angalankhulire ndi bwana, kudziwitsa anzake mmodzimmodzi pempho lisanalowe, kupepesa chifukwa chowasiyira ntchito, ndi kubwerako ndi kamphatso kogawa mu ofesi. Ndinawafunsa kuti ngati ndi ufulu wake, kupepesako n'kwa chiyani. Anati ufuluwo ndi wake ndithu, koma akabwerako akakhalanso ndi anthu omwewo. Sindikutsutsa, ndipo mtedza ndi tiyi wa ku Thyolo zimene anatenga zinalandiridwa bwino. Chimene ndikudandaula n'chakuti funso lakuti tichite chiyani bwana akakana ndithu analiyankha mwachangu m'mphindi zomaliza. Pamenepo m'pamene anatchula ofesi ya boma yoyendera malamulo a ntchito, imene imapezeka m'dera lililonse ndipo siilipiritsa, manambala a foni a unduna olangizira antchito achilendo m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chingelezi, ndi likulu lothandiza alendo la FRESC ku Yotsuya mu Tokyo, limene linatsegulidwa mu 2020. Mlendo amene akuopa kuchotsedwa ntchito amafunika kumva zimenezi koyambirira, kuti adziwe kuti ali ndi kothawira.

Kwa ine thandizoli ndi la nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati funso lanu ndi lakuti ndili ndi masiku angati, musalipire: onani pepala la malipiro kapena funsani ofesi ya antchito, ndipo mukakayika imbani manambala a boma aja. Ngati kampani ikukana tchuthi poyera kapena ikudula malipiro, pitani ku ofesi yoyendera malamulo a ntchito, chifukwa ndi imene ili ndi mphamvu pa kampani. Mlangizi wolipira ndi wa nkhani zopiringizika ngati yathu, pamene lamulo la boma, buku la kampani, kalendala ya fakitale ndi chibale cha kwathu ziyenera kuikidwa pamodzi ndi munthu wowerenga Chijapani. Mutumizireni mapepala onse nthawi ilipo, ndipo mulembe mayina a ubale wa anthu amene mungafune kuwathamangira kumudzi, kuti akuuzeni mmodzimmodzi amene ali m'lamulo, amene ali m'buku la kampani, ndi amene mudzawapitire pa masiku anu.

Mlongo wangayu akukwatira posachedwa, ndipo nkhani ya tchuthi cha mwana sitinaikhudze kupatula pang'ono. Kuno abambo anapatsidwa masabata awiri mu 2021. Ku Japan kuyambira mu October 2022 bambo akhoza kutenga masabata 4 m'kati mwa masabata 8 mwana atabadwa, kuwagawa pawiri ngati akufuna, kuwonjezera pa tchuthi cholerera mwana chimene chimafika mpaka mwanayo atakwanitsa chaka, ndi malipiro a inshuwalansi a 67 peresenti m'masiku 180 oyamba ndi 50 peresenti pambuyo pake. Nthawi imeneyo ikadzafika tidzabwerera kwa mayi omwewa, koma tidzayamba taimba manambala a boma, tidzabukitsa theka la ola m'malo mwa ola lathunthu, ndipo za kalata ya chidule tidzagwirizana tisanalipire.